Mlongo wanga wayamba kutitchula makafiri: wolakwa ndi iyeyo kapena omwe anamusokoneza mutu?

Uthenga wabwera kuchokera kwa mayi wina wa ku Mangochi, ndaufupikitsa pang'ono:

"Assalamu alaikum a Mwalimu. Mlongo wanga wa zaka 23 anapita ku Joni, geni itavuta anabwerako chaka chatha. Poyamba tinkasangalala poti anasiya mowa ndi chamba, swala zisanu osaphonya. Koma pano akukana kuswali pambuyo pa shehe wa m'mudzi mwathu akuti ndi munafiki, bambo athu anawauza pamaso kuti ndi kafiri poti anakavota, usiku onse ali pa foni kumvera maulaliki a Chiswahili, ndipo tsiku lina ananena kuti anyamata omenya nkhondo ku Cabo Delgado, ku Mozambique, ndiwo Asilamu enieni. Amayi akuti si iyeyo, anamuchita chipongwe ku Joni, tipite naye kwa asing'anga. Mnzanga wa kuntchito akuti Chisilamu ndi mmene chilili basi. Ine mutu waima. Maganizo amenewa amachokera kuti? Nanga iyeyo ndi wolakwa kapena angomupusitsa?"

Wa alaikum salaam achemwali. Pumani kaye. Ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ya Chisilamu komanso kukhala pansi ndi mabanja a nkhani ngati yanuyi kwa zaka zambiri ndithu, nde zomwe ndaona ndi zoti anyamata ambiri oyankhula chonchi safika pogwira mfuti ayi. Amatentha chaka chimodzi kapena ziwiri kenako amazirala, makamaka ngati pakhomo sanawataye. Koma sindikunamizani kuti ndi zachibwana, pa zomwe mwalembazi pali ziwiri zomwe zandikhudza, kutchula bambo ake kafiri ndi kuyamikira anthu odula anzawo makosi.

Ndiyambe ndi zomwe SIZIKUNDIDETSA nkhawa, poti mabanja ambiri amasokoneza apa. Ndevu, buluku lalifupi, kukana sikiri pamaliro, kutsutsa sadaka ya masiku 40, zimenezo ndi mkangano wakalekale wa a Qadiriya ndi a Sukuti womwe takula nawo kuno kwathu, ena amakwiyitsana mpaka kugawana mzikiti koma si uchigawenga. Munthu atha kukhala wolimba kwambiri pa chipembedzo osapha olo nkhuku ya mnzake. Malire ali pa mawu amodzi a Chiarabu, takfir, kutanthauza kugamula kuti Msilamu mnzako watuluka m'Chisilamu, wasanduka kafiri. Munthu akangodzipatsa mphamvu imeneyo zotsatira zake zimabwera zokha, poti kwa iwowo amene wagamulidwa choncho magazi ake ndi katundu wake zilibenso chitetezo.

Ndipo matendawa si atsopano. Chaka cha 657, patangopita zaka 25 Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, atamwalira, Khalifa Ali ndi Muawiya anamenyana ku Siffin kenako anagwirizana kuti nkhani aiweruze anthu osankhidwa. Gulu lina la asilikali a Ali linakana nkuchoka likufuula kuti chiweruzo ndi cha Allah yekha, ndipo linagamula kuti Ali, mkamwini wa Mtumiki, munthu woti anakulira m'nyumba ya Mtumiki, ndi kafiri. Amenewa ndiwo ma Khawarij. Ali anawayankha kuti mawuwo ndi oona koma cholinga chake ndi chabodza. Anali anthu oswali usiku onse, owerenga Qur'an mpaka kutopa, ndipo mabuku a mbiri amasimba kuti ankadzudzulana mmodzi akatola tende logwa mumtengo wa mwini osapempha, koma omwewo anapha Abdullah mwana wa Khabbab, mwana wa swahaba (mnzake wa Mtumiki), pamodzi ndi mayi woyembekezera yemwe anali naye, mtima osagunda. Ali anawagonjetsa ku Nahrawan mu 658, ndipo mu 661 mmodzi wa otsalawo, Ibn Muljam, anamutema ndi lupanga mu mzikiti ku Kufa nthawi ya swala ya m'mamawa. Ndikamamva mnyamata akuti kuvota ndi ukafiri poti malamulo ndi a Allah yekha, ndimamva mawu omwewo a ku Siffin, angovala malaya ena.

Malaya atsopanowo anasokedwa ku Egypt. Sayyid Qutb anali mphunzitsi komanso mlembi, anakakhalako ku America kuyambira 1948 mpaka 1950, atabwerako analowa gulu la Muslim Brotherhood, boma la Nasser linamutsekera mu 1954 ndipo m'ndendemo anaona anzake akuzunzidwa ndi kuphedwa. M'ndende momwemo Qutb anafika poganiza kuti anthu ochita nkhanza zotere sangakhale Asilamu, kenako anakulitsa nkunena kuti dziko lonse lapansi, kuphatikizapo maiko a Asilamu, labwerera mu jahiliyya, umbuli wa nthawi Chisilamu chisanabwere, nde pakufunika kagulu kochepa ka oyera mtima kodzipatula nkulanda ulamuliro. Buku lake lotchuka Ma'alim fi al-Tariq linatuluka 1964, iye ananyongedwa mu Ogasiti 1966. Chomwe anyamata a pa foniwa sauzidwa ndi choti mtsogoleri wa gulu lake lomwelo, Hasan al-Hudaybi, yemwe naye anali m'ndende, anakana maganizowa nati ife ndife alaliki osati oweruza. Ndende imodzi, mazunzo amodzi, mayankho awiri. Musaiwale pamenepa poti tibwererapo.

Kuchoka apo zinathamanga. Muhammad Abd al-Salam Faraj, yemwe anali injiniya wa zamagetsi osati shehe, anatenga fatwa (zigamulo za chipembedzo) zomwe shehe wakale Ibn Taymiyya anapereka zokhudza ma Mongol zaka za m'ma 1300 nkuzimata pa atsogoleri a lero, zotsatira zake Pulezidenti Sadat wa ku Egypt anaphedwa pa 6 Okutobala 1981. Nthawi ya nkhondo ya ku Afghanistan, 1979 mpaka 1989, Abdullah Azzam anafalitsa zoti kumenya nkhondoyo ndi udindo wa Msilamu aliyense payekha, osafunika chilolezo cha kholo, ndipo mfundo yochotsa makolo pa nkhani imeneyi ndi yomwe olemba anthu usilikali amaikonda mpaka lero. Mu 1988 kunabadwa al-Qaeda. Pa 7 Ogasiti 1998 anaphulitsa ma embasy a America ku Nairobi ndi Dar es Salaam, anthu 224 anafa, Amereka anali 12 okha, otsalawo ambiri anali Aafrika anzathu opita ku ntchito. Mu 2014 ISIS inalengeza ukhalifa wake itatenga Mosul, ndipo iwowa anafika pogamula ngakhale a al-Qaeda anzawo.

Maulaliki a Chiswahili omwe mukunenawo ndi njira yomwe zinthuzi zinatsikira kugombe la nyanja ya mchere. Mlaliki wina wa ku Mombasa, Aboud Rogo, anaphedwa mu Ogasiti 2012 koma ma vidiyo ake anapitirira kuyenda, Tanzania mpaka kumpoto kwa Mozambique. Ku Mocímboa da Praia, tauni ya ku Cabo Delgado, zisanaphulike pa 5 Okutobala 2017, panali anyamata omwe ankalowa mu mzikiti ndi nsapato, kunyoza mashehe achikulire, kuletsa ana sukulu za boma, kukana makolo awo, ndipo atsogoleri a Chisilamu a komweko ndi amene anayamba kuchenjeza boma koma sanamvedwe msanga. Lero anthu oposa miliyoni anathawapo m'makomo mwawo, Palma inaukiridwa mu Malichi 2021, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chigawo chomwe inu a ku Mangochi mumalowa mukangodutsa pa Chiponde. Nde nkhaniyi si ya kutali ngati mmene timaganizira.

Tsopano mnzanu wa kuntchito uja. Sindimuyankha monyoza poti funso lake anthu ambiri ali nalo mumtima. Zoona zake ndi zoti zigawengazi sizipeka ma ayah, zimawerenga Qur'an yomweyi ndi hadith zomwezi, ndipo ife Asilamu tikamangoti "amenewo si Asilamu" basi nkutseka nkhani timakhala tathawa ntchito, komanso tachita takfir yomwe tikuwadzudzula nayo. Ndi Asilamu omwe atenga maganizo oipa, ndipo ndi ntchito yathu kuwatsutsa ndi buku lomwelo. Amakonda Surat Tawba ayah 5 yokamba za kupha opembedza mafano, yomwe inatsika pa nkhani ya mitundu yomwe inaswa pangano nthawi ya nkhondo, koma samuwerengera mnyamata ayah 6 yotsatira pompo yomwe ikuti wina mwa iwo akapempha chitetezo mutetezeni mpaka mukamufikitse pamalo pake pa mtendere. Samuuza za Usama bin Zayd yemwe pa nkhondo anapha munthu atanena kale kuti La ilaha illallah, poganiza kuti wanena chifukwa cha mantha, Mtumiki anamufunsa kuti kodi unang'amba mtima wake kuti uone, anabwerezabwereza mpaka Usama analakalaka akanalowa Chisilamu tsiku limenelo. Samuuza hadith yoti wotchula m'bale wake kafiri, mawuwo amagwera mmodzi wa awiriwo. Ma ulama (mashehe ophunzira) akuluakulu a magulu osiyanasiyana anasainira Uthenga wa ku Amman mu 2005 kuletsa takfir, ndipo mu Seputembala 2014 oposa 120 analembera al-Baghdadi, mtsogoleri wa ISIS nthawi imeneyo, kalata yomutsutsa mfundo ndi mfundo. Komanso muuzeni mnzanuyo kuti ambiri ophedwa ndi magulu amenewa, kaya ku Iraq, Somalia, Pakistan, ndi Asilamu.

Nanga umphawi? Ulipo ndipo sindiuchepetsa. Ku Cabo Delgado kuli gasi wa ndalama zosawerengeka ku Palma, kuli miyala ya ruby ku Montepuez komwe anthu okumba pawokha anathamangitsidwa mwankhanza mu 2017, koma mnyamata wa Chimwani wa kugombe alibe ntchito alibe sukulu. Bungwe la UNDP mu 2017 linafunsa anthu mazana omwe analowapo m'magulu otere muno mu Africa, 71 pa 100 alionse anati chomwe chinawakankha komaliza ndi nkhanza za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa m'bale kaya mnzawo, ndipo 57 pa 100 anavomera kuti mabuku a chipembedzo sankawamvetsa kwenikweni. Boko Haram ya ku Nigeria inalusa zedi mtsogoleri wake Mohammed Yusuf ataphedwa ali m'manja mwa apolisi ku Maiduguri mu 2009. Mlongo wanu naye ndikumuona, wapita ku Joni ndi maloto, mwina wagona panja, mwina wathamangitsidwapo ngati kwerekwere, wabwera chimanjamanja anzake akumanga nyumba za malata, kenako wina pa foni akumuuza kuti iwe si wolephera, ndiwe wosankhidwa, olephera ndi onsewo. Mawu amenewo ndi okoma kwambiri kwa munthu wamanyazi. Chikomekome cha mkuyu.

Koma umphawi ndi munda chabe, mbewu amadzala ndi munthu. Mmodzi wa omwe anapha anthu 148 pa yunivesite ya Garissa ku Kenya mu Epulo 2015 anali wophunzira zamalamulo ku Nairobi, mwana wa mfumu ya boma, sankagona ndi njala. Ndipo mbali inayi, m'mudzi wa Xitaxi ku Muidumbe, ku Cabo Delgado, mu Epulo 2020 anthu 52, ambiri anyamata, anaphedwa ndipo apolisi a ku Mozambique anati chifukwa chake anakana kulowa gulu la zigawenga. Osauka omwewo, a m'dera lomwelo, oiwalidwa ndi boma lomwelo, anakana. Ku Mandera, ku Kenya, mu Disembala 2015 al-Shabaab, gulu la zigawenga la ku Somalia, inaimitsa basi nkuuza Asilamu kuti adzipatule kwa Akhristu, Asilamuwo anakana, mphunzitsi Salah Farah anawomberedwa nkumwalira mwezi wotsatira. Tikanena kuti wolowa uchigawenga alibe mlandu poti anali wosauka kapena anapusitsidwa, ndiye kuti tikunena kuti kukana kwa anthu amenewa kunalibe tanthauzo, ndipo ine zimenezo sindingavomere.

Nde yankho langa pa funso lanu lachiwiri ndi ili: omwe anamupatsa maganizowa ali ndi mlandu wawo waukulu, koma mlongo wanu ali ndi wake. Ali ndi zaka 23, palibe anamugwira pakhosi, bandulo amagula yekha, gulupu analowa yekha, ndipo tsiku lomwe anayang'ana bambo ake m'maso nkuwatchula kafiri pakamwa panali pake. Ndi zosiyana ndi ana omwe amabedwa m'midzi nkukakamizidwa kugwira mfuti, amenewo ndi ozunzidwa. Qur'an yomwe akuikondayo siimusiyira pothawira. Surat Ibrahim ayah 22 ikusimba kuti tsiku lachiweruzo Satana adzauza omutsatira kuti ndinalibe mphamvu pa inu, ndinangokuitanani inu nkuyankha, musandidzudzule ine dzidzudzuleni nokha. Surat Ahzab ayah 67 ikukamba za anthu omwe adzadandaule kuti tinamvera mabwana athu ndi akuluakulu athu nkutisocheretsa, ndipo kudandaulako sikudzawapulumutsa. Surat Isra ayah 36 ikuti usatsatire chomwe sukuchidziwa, makutu, maso ndi mtima zonse zidzafunsidwa.

Amayi anu ndikuwamvetsa, mtima wa kholo sufuna kuvomera kuti mwana wasankha yekha choipa, nkosavuta kunena kuti anamuchita. Koma muwauze mwaulemu kuti maganizo amenewo amamulanda mwanayo chinthu chokhacho chomwe chingamubweze. Ngati analodzedwa ndiye tidikire mankhwala, koma ngati anasankha ndiye atha kusankhanso. Ndipo za asing'angazo chonde musayerekeze, kwa iyeyo umenewo udzakhala umboni woti banja lonse ndi la shirk (kuphatikiza Allah ndi zinthu zina) ndipo a pa foni aja adzati mesa tinakuuza. Anthu amabwerera achemwali. Ibn Abbas, msuweni wa Mtumiki, anapita yekha kukakambirana ndi ma Khawarij nkhondo isanayambe ndipo zikwi zinabwerera. Sayyid Imam al-Sharif, yemwe mabuku ake ankaphunzitsidwa m'misasa ya al-Qaeda, mu 2007 analemba ali m'ndende ku Egypt kutsutsa zambiri zomwe gululo limachita. Ineyo ndinakhalapo ndi mnyamata wina yemwe miyezi isanu ndi itatu sankadya mbale imodzi ndi mayi ake, chinamutembenuza si ulaliki wanga ayi, anadwala malungo akulu ndipo omwe anagona pansi pa simenti kuchipatala anali mayi omwewo, "abale" a pa gulupu aja palibe olo mmodzi anaimba. Atachira ndi pomwe anayamba kufunsa mafunso, ndipo pamenepo zomwe tinkakambirana zija zinapeza polowera.

Chochita pano. Musamuthamangitse pakhomo, olo zikupweteka bwanji, poti ntchito yoyamba ya olemba anthuwa ndi kumudula kwa abale ake, mukamutaya mwawagwirira ganyu yaulere. Koma osamunyengereranso ngati dzira. Bambo anu kapena amalume ake amuuze momveka kuti m'nyumba muno uswali mmene ukufunira koma kutchula munthu kafiri ayi, ndipo ana ang'onoang'ono sumawaonetsa ma vidiyo amenewo. Inuyo musalimbane naye pa ma ayah, akuposani poti analoweza mayankho, m'malo mwake mufunseni mafunso ngati munthu wamkulu woyenera kuyankha pa zomwe amakhulupirira. Shehe wa pa foniyo dzina lake lenileni ndani, anaphunzira kwa yani? Iyeyo ana ake ali kuti, ali kutchire kapena ali ku sukulu? Mayi wa ku Mocímboa yemwe mwamuna wake msodzi woswali anadulidwa khosi, ukanamuuza chani? Surat Luqman ikuti olo makolo akhale opembedza mafano ukhale nawo mwaubwino pa dziko lino, nanga iwe bambo oswali ukuwachita chonchi watenga kuti? Funsani kamodzi nkusiya, asayankhe pompo palibe vuto, mafunso otere amagwira ntchito usiku munthu ali yekha.

Pezani shehe woti iyeyo angamumvere. Apa ndinene mosabisa, shehe wa m'mudzi yemwe wamutchula kale munafiki sangathe, pakufunika wina wodziwa Chiarabu bwino, wodziwa mabuku omwe anyamatawa amatchula, makamaka wa mbali yomwe iyeyo amaiona ngati yolimba pa sunnah, wodekha, wosakalipa. Ma ofesi a Muslim Association of Malawi kapena Qadria Muslim Association of Malawi atha kukulozerani munthu. Ndipo mupezereni chochita ndi manja, kaya ndi usodzi, kabaza, ukalipentala, olo kampamba kochepa, munthu wotopa ndi ntchito sachezera foni mpaka mbandakucha. Ngati mukuona kuti sakugona, akuyankhula yekha, kapena akukamba zofuna kufa, pitani naye kuchipatala akaonedwe za maganizo, nthawi zina pansi pa zonsezi pamakhala matenda a nkhawa omwe anabwera nawo ku Joniko.

Pali pomwe nkhani imachoka m'manja mwa banja. Akayamba kulandira ndalama pa foni zosadziwika kochokera, akayamba kukamba za ntchito kapena sikolashipu ya ku Mozambique, Tanzania kaya Somalia yomwe safuna kuifotokoza bwino, akagulitsa katundu wake nkuyamba kutsanzika anthu mwachilendo, akayamba kusonkhanitsa anyamata ena mobisa, akatchula munthu kapena malo oti "aphunzitsidwe", kapena mukaona chida, musadikire mawa, kanene ku polisi. Ndikudziwa mantha anu, ndipo ziwerengero za UNDP zija zikuonetsa kuti kugwira munthu mwankhanza kumaonjezera moto, nchifukwa chake musapite nokha, tengani amfumu ndi shehe wodziwika, kafikeni kwa mkulu wa polisi osati pa kauntala, nenani kuti mwabwera ngati banja lofuna kupulumutsa mwana wawo asanalakwire munthu. Bambo wa mnyamata wa ku Garissa uja anakanena kuti mwana wake wasowa, koma mwana anali atawoloka kale. Bola kukamuona mlongo wanu akufunsidwa mafunso ku Mangochi konkuno kusiyana ndi kumva kuti wadutsa pa Chiponde usiku.

Pa zomwe mwalembazi sindikuona kuti wafika pamenepo. Yambani ndi amalume ake sabata ino, ndipo mukapeza mpata muone dzina la mlaliki yemwe amamumvera kwambiriyo munditumizire, ndikuuzani kuti ndi wa mtundu wanji ndi mfundo zomwe shehe wanuyo akonzekere asanakumane naye.